Bizinesi yothandiza pa maliro ku Neno: zomwe muyenera kudziwa musanagule galimoto ndi matabwa

Munthu akamwalira usiku pa chipatala chachikulu cha Neno, kwawo kuli kwa Dambe kapena ku Matope, abale ake amagwidwa ndi mafunso anayi nthawi imodzi. Thupi ligona kuti? Bokosi lichokera kuti? Galimoto yokafika kumudzi ipezeka bwanji? Nanga ndalama za zonsezi zituluka m'thumba mwa ndani? Makampani odziwika pa ntchitoyi, monga Mthunzi ndi Goodwill, amapezeka m'mizinda. Kumaboma ngati Neno, mayankho amachokera kwa kalipentala wa pamsika, kwa mwini lole yonyamula mbatata, ndi kwa wachibale amene ali ndi kangachepe mu foni.

Ngati mwakhala mukulingalira zotsegula bizinesi yothandiza pa maliro kudera ngati limeneli, mpata ulipo. Koma nkhaniyi tayiika pa tsamba la zaumoyo mwadala. Wogulitsa sopo akalakwitsa amangotaya kasitomala. Inu mukalakwitsa mutha kudwalitsa wantchito wanu, kuipitsa chitsime cha mudzi wonse, kapena kupereka thupi ku banja lomwe si lake.

Werengani kaye anthu musanawerenge phindu

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 138,000 m'boma la Neno. M'dziko muno, pa anthu 1,000 aliwonse, pafupifupi 6 kapena 7 amamwalira pachaka. Mukachulukitsa mupeza kuti boma lonse, kuchokera pa Zalewa mpaka kumapiri a kwa Dambe, limakhala ndi maliro awiri kapena atatu patsiku.

Ambiri mwa maliro amenewa sadzafika pakhomo panu. Anthu ochuluka amamwalirira kumudzi, ndipo mudzi uli kale ndi dongosolo lake: amfumu amauzidwa ndi kuloleza, adzukulu amakumba manda, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, a mpingo amachezera pa siwa. Palibe amene amakulipirani pa zimenezi, ndipo mukayesa kulanda ntchito ya adzukulu mudzadana ndi mudzi wonse. Malo anu ali pa zinthu zomwe mudzi sungathe pawokha: kunyamula thupi mtunda wautali, kulisunga kuti lisawonongeke podikira ana ochokera ku Lilongwe kapena ku Joni, bokosi lopezeka nthawi yomweyo, matenti ndi mipando, komanso kuyendetsa mapepala.

Pali phunziro lina lochokera ku mbiri. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, Edzi itafika pachimake, malo okhomera mabokosi anachuluka m'misewu ya m'matauni. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, imfa zinayamba kutsika, ndipo akalipentala ambiri anabwerera ku mipando ndi mabedi. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito limodzi ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambira 2007, ndipo anthu omwe kale akanamwalira ali ndi zaka 30 lero akulima mbatata ndi kulera zidzukulu. Imeneyi ndi nkhani yabwino, ndipo bizinesi yanu iyenera kukhala yoti ingapirire nkhani yabwino. Ngati muli ndi shedi ya ukalipentala, izikhomanso zitseko, mabenchi a tchalitchi ndi madesiki. Matenti ndi mipando zizipitanso ku maukwati ndi ku zinkhoswe.

Kodi thupi la womwalira limafalitsa matenda?

Ambiri timaopa fungo, koma fungo si limene limadwalitsa. Bungwe la WHO limanena kuti matupi a anthu omwalira pa ngozi kapena ndi matenda wamba sabweretsa mliri. Amene ali pa chiopsezo ndi munthu wogwira thupilo ndi manja, ndipo njira zake n'zodziwika: magazi, madzi otuluka m'thupi, chimbudzi, ndi mpweya wotsalira m'mapapo.

Mpweyawo ambiri saudziwa. Mukamatembenuza kapena kunyamula thupi, chifuwa chimafinyika ndipo kampweya kamatuluka pakamwa ndi m'mphuno. Ngati womwalirayo anali ndi TB yosachizidwa, tizilombo titha kutuluka nako. N'chifukwa chake ogwira ntchitoyi amaphimba nkhope ya womwalira ndi kansalu asanamusunthe, iwo atavala masiki, mawindo ali otsegula.

Magazi ndiwo amanyamula HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C. Tizilombo timeneti sitifa nthawi yomwe munthu watsirizika. HIV imatha kukhala yamoyo masiku angapo m'thupi losungidwa pozizira, ndipo hepatitis B ndi yolimba kuposa pamenepo, yosavutanso kutengera. Wantchito akadzibaya ndi singano kapena kudzicheka ali pa ntchito, asambe pabalapo ndi sopo ndi madzi oyenda, asafinye, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28. Lamulo limeneli lilembedwe pakhoma, ndipo wantchito adziwe kuti kunena za ngozi yotere sikumuchotsetsa ntchito. Akaopa bwana amabisa, maola 72 aja n'kudutsa.

Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002. Izi zikutanthauza kuti wantchito wobadwa chakachi chisanafike mwina sanabayidwepo. Kwa akuluakulu amabaya katatu. Funsani kuchipatala komwe angapezeke ndipo mulipire ndinu, osati wantchito.

Zovala zodzitetezera si zambiri: magolovesi olimba ofika m'kasukusuku, epuloni ya pulasitiki, majombo, masiki ndi magalasi oteteza maso. Vuto si kugula koyamba koma kugulanso zikatha. Ndipo thupi lililonse ligwiridwe mofanana. Musafunse abale kuti malemu anali pa ma ARV kapena ayi. Si nkhani yanu, ndipo yankho lake silisintha kanthu pa kavalidwe kanu. Zomwe antchito anu aona pathupi la munthu zithere m'chipinda momwemo. Ku Neno anthu amadziwana, mawu amodzi otayidwa pa bawo amafika kwa ofedwa dzuwa lisanalowe.

Kolera ili ndi malamulo akeake

Apa m'pofunika kukhalitsapo. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, Neno ali momwemo, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Unali woopsa kuposa ina yonse m'mbiri ya Malawi. Mwa njira zomwe kolera imadutsira, maliro ndi imodzi yodziwika bwino.

Zimachitika chonchi. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhala likutulutsabe madzi odzaza tizilombo. Osambitsa thupi amagwira madziwo. Akatuluka amapita kukathandiza kuphika, kapena amasamba m'manja m'beseni limodzi ndi anthu makumi asanu omwe akudikira nsima. Pakatha masiku awiri kapena atatu, mudzi womwewo ukutumiza anthu ena ku chipatala cha Lisungwi.

Choncho mukauzidwa kuti malemu anatsegula m'mimba mwamadzimadzi, ngati madzi otsukira mpunga, n'kumwalira mwachangu, musayambe ndi kutumiza galimoto. Imbirani kaye mlangizi wa zaumoyo wa deralo kapena ofesi ya zaumoyo ya boma. Maliro otere amayang'aniridwa ndi iwo, inu mumangothandiza. Thupi limapoperedwa kapena kupukutidwa ndi klorini wamphamvu, pakamwa, m'mphuno ndi kumalo ena otulukira madzi pamatsekedwa ndi thonje lonyikidwa mu klorini yemweyo, kenako limaikidwa m'thumba la pulasitiki losadontha. Silibayidwa mankhwala oumitsa, silisungidwa kudikira abale akutali, ndipo limaikidwa m'manda mwachangu, pafupi ndi komwe munthuyo wamwalirira ngati n'kotheka. Amene agwira thupi asayandikire kophikira.

Kasungunulidwe ka klorini wa ufa wa HTH kali pamiyeso itatu, ndipo wantchito aliyense aidziwe pamtima. Wa thupi, chimbudzi ndi masanzi ndi wa 2 peresenti: magalamu 30, omwe ndi masupuni awiri akuluakulu osapanga phiri, mu lita imodzi ya madzi. Wotsukira pansi, machira, zovala ndi m'galimoto ndi wa 0.2 peresenti: masupuni awiri omwewo mu malita 10. Wosambira m'manja ndi wa 0.05 peresenti: theka la supuni mu malita 10. Sungunulirani mu ndowa za pulasitiki chifukwa klorini amadya chitsulo, lembani pa ndowa iliyonse, ndipo konzani watsopano tsiku lililonse. Musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, mpweya wake umatsamwitsa.

Chovuta kwenikweni si klorini koma kuyankhula ndi abale. Kuuza mwana kuti sasambitsa mayi ake, kuti thupi silikagona m'nyumba, ndi mawu olemera, ndipo nthawi ya mliri ija m'madera ena anthu anakangana ndi achipatala pa nkhani yomweyi. Musalankhule ngati wapolisi. Khalani pansi ndi mwinimbumba, amfumu ndi mkulu wa mpingo, fotokozani chifukwa chake, ndipo funani zomwe zingatheke: abale aone nkhope ali chapatali thumba lisanatsekedwe, pemphero lichitike, nyimbo ziimbidwe, mbiri iwerengedwe kumanda. Banja likaona kuti malemu alemekezedwa, limamva.

Palinso imfa zina zomwe simuyenera kukhudza n'komwe. Munthu akamwalira atatentha thupi n'kumatuluka magazi m'kamwa, m'mphuno kapena m'maso popanda chifukwa chodziwika, makamaka ngati anali paulendo, tsekani chitseko ndi kuitana a zaumoyo. Matenda a Marburg anabuka ku Tanzania mu 2023 ndi mu 2025, ndipo iwo ndi Ebola amafala kwambiri kudzera m'matupi a omwalira.

Kutentha, firiji ndi fomalini

Neno ali ndi nyengo ziwiri m'boma limodzi. Kumtunda, ku Nsambe, Matandani ndi kwa Dambe, kumazizira. Kumunsi, ku Lisungwi, Chifunga, Zalewa ndi Matope, mu Okutobala ndi Novembala kumawotcha. Kumalo otentha thupi limatha kusintha mpaka nkhope kusazindikirika pakati pa maola 12 ndi 48. Nthawi yomwe banja la kwa Dambe lingadikire mu Juni si yomwe banja la kwa Symon lingadikire mu Okutobala, ndipo kuwauza zoona pa nkhaniyi ndi gawo la ntchito yanu.

Njira zochedwetsa kuwonongeka ndi ziwiri: kuziziritsa ndi kubaya mankhwala.

Firiji ya nyumba ya chisoni imayenera kukhala pa madigiri 2 mpaka 4 usana ndi usiku. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Nkula ndi Tedzani, pa mtsinje wa Shire m'malire a Neno ndi Blantyre, koma zimenezo sizinaletsepo kuthimathima. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linakhala miyezi yambiri magetsi akuperewera. Firiji yopanda jenereta kapena sola yodalirika ndi bokosi lachitsulo lotsekera fungo basi. Maganizo anga ndi akuti woyamba kumene asathamangire firiji. Ndalama yake, kuphatikiza mafuta a jenereta ndi mmisiri woitanidwa kuchokera ku Blantyre ikawonongeka, singabwezedwe ndi maliro ochepa omwe mudzalandire chaka choyamba. Yambani ndi galimoto, mabokosi ndi matenti, ndipo kambiranani ndi akuluakulu a chipatala, poyera ndi molemba, za momwe mungatengere matupi ku nyumba ya chisoni yawo. Firiji ibwere mabuku anu akaonetsa kuti ikufunika.

Mankhwala obaya matupi ndi fomalini. Amaumitsa minofu ndi kupha tizilombo toyambitsa kuwola. Pokonza thupi moyenera, mankhwala osungunulidwa amalowetsedwa mu mtsempha waukulu wa pakhosi kapena pantchafu kuti ayende thupi lonse, magazi akutuluka mbali ina. Zomwe ena amachita, zongobaya pamimba ndi m'ntchafu ndi jakisoni, zimasiya mbali zina zikuwonongeka, ndipo banja limazindikira bokosi litatsegulidwa pa siwa. Ntchitoyi ndi ya munthu wophunzitsidwa, amene anagwirapo m'nyumba ya chisoni ya chipatala pansi pa odziwa. Si yophunzirira pa YouTube.

Fomalini ndi poizoni. Amawotcha maso, mphuno ndi khungu, amayambitsa chifuwa chobanika, ndipo mu 2004 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linamuika m'gulu la zinthu zomwe zimayambitsa khansa mwa anthu. Masiki wamba a kuchipatala saletsa mpweya wake. Chipinda chokonzera matupi chikhale ndi mawindo mbali ziwiri ndi fani yotulutsa mpweya kunja, kutali ndi khomo la anthu. Botolo likhale lotseka, lolembedwa, mu kabati ya loko, kiyi ali ndi munthu mmodzi. Musathire fomalini m'botolo la madzi akumwa kapena la zakumwa zoziziritsa kukhosi, ngakhale kwa ola limodzi. Amaoneka ngati madzi. Ndipo aliyense wobwera kudzapempha pang'ono kuti akasungire nsomba kapena nyama, mukanizeni.

Chenjezo lina ndi la malamulo. Munthu akafa pa ngozi ya pamsewu, pomenyedwa, podzikhweza, pomira, kapena abale akukayikira kuti wadyetsedwa poizoni, musasambitse kapena kubaya thupi apolisi ndi achipatala asanamalize kuliyeza. Fomalini amasokoneza umboni. Abale adzakukakamizani chifukwa cha kutentha, koma mukagonja mudzapezeka kukhoti mukufotokoza chifukwa chomwe munafafanizira umboni.

Madzi otsukira thupi asayende mu ngalande yopita kudimba kapena kumtsinje. Pakhale thanki yapansi yakeyake, kutali ndi mjigo. Masingano, thonje ndi magolovesi zikawotchedwe mu ng'anjo ya chipatala, mutagwirizana nawo. Mukafunsidwa maganizo pa manda atsopano, muyezo womwe mabungwe a zaumoyo amagwiritsa ntchito ndi wakuti manda atalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi pa nthaka.

Mapepala

Bizinesi ilembetsedwe ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, mutenge nambala ya msonkho ku MRA ndi layisensi ku khonsolo ya Neno. Koma musanaumbe njerwa imodzi, tengani chojambula cha nyumba yanu mupite nacho kwa oona zaukhondo ndi chilengedwe ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Iwo ndi amene adzakuuzeni ngati malowo ali oyenera ndiponso ngati mukufunika chilolezo cha bungwe la MEPA. Kugumula khoma chifukwa thanki mwaikumba pafupi ndi mjigo n'kodula kuposa ulendo umodzi wa ku boma. Amfumu ndi oyandikana nawo muwauze poyamba. Palibe amene amakondwa kudzuka m'mawa n'kupeza nyumba ya chisoni kuseri kwa khitchini yake.

M'kati mwa bizinesi, buku lofunika koposa ndi kaundula wa matupi: dzina, tsiku ndi nthawi yofika, wobweretsa, zovala ndi katundu yemwe anali nazo, wotenga, ndi siginecha yake. Thupi lililonse likhale ndi zizindikiro ziwiri, china pamkono, china pansalu yokutira, ndipo wachibale aone nkhope bokosi lisanakhomedwe. Zikuoneka zazing'ono mukakhala ndi thupi limodzi. Tsiku lomwe minibasi idzagubuduke pa msewu wa M6 n'kukubweretserani matupi asanu usiku umodzi, buku limeneli ndi lomwe lidzakupulumutseni.

Lamulo la kalembera la 2010 limafuna kuti imfa iliyonse ilembetsedwe ku National Registration Bureau. Mabanja ambiri amakumbukira zimenezi patatha miyezi, akafuna penshoni, inshuwaransi kapena ndalama za malemu ku banki. Imfa ya kuchipatala imakhala ndi kalata ya dokotala, ya kumudzi imadutsa kwa amfumu. Dziwani njira zonse ziwiri ndi kuthandiza ofedwa kudzaza mafomu. Sizikudyerani ndalama, koma mayi wamasiye amene mwamupulumutsa ku maulendo atatu a ku boma sadzakuiwalani.

Msewu wa M6 uli ndi mwayi wina. Matupi a abale athu omwalira ku South Africa amabwera pa galimoto kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete, n'kulowa pa chipata cha Mwanza. Amafika ndi kalata ya imfa, kalata yotsimikiza kuti thupi linakonzedwa ndi mankhwala, ndi zilolezo zodutsira malire, zomwe a zaumoyo a pachipata amaziona. Magalimoto okoka ngolo amenewa amayenda bwino pa tala, koma ambiri sangakwere kwa Dambe mvula ikugwa. Kulandira thupi pamphambano ndi kukalifikitsa kumudzi ndi ntchito yomwe munthu wa ku Neno angaichite bwino kuposa wina aliyense. Dziwanani ndi magulu a Amalawi a ku Johannesburg ndi Cape Town omwe amasonkherana pa maliro, nambala yanu ikhale m'magulu awo a WhatsApp.

Galimoto ndi ndalama

Galimoto yayitali yonyezimira ija mumaiona ku Blantyre siingakuthandizeni kuno. Aliyense amene anayendapo msewu wopita ku boma la Neno nthawi ya dzinja akudziwa chifukwa chake. Mukufunika pikapu yokwera, yokoka matayala onse anayi ngati mungathe, yotseka kumbuyo, pansi pake pali chitsulo kapena pulasitiki yotsukika, ndi malamba omangira bokosi. Dalaivala akhale ndi mphamvu yokana anthu akachuluka. Pa maliro aliyense amafuna kukwera, ndipo pikapu yodzaza anthu khumi ndi asanu pamwamba pa bokosi, pa chitunda choterera, ndi maliro ena akudikira.

Powerengera mtengo wa ulendo, ambiri amaiwala kuti galimoto imabwerera yopanda kanthu. Tiyerekeze kuti kumudzi ndi makilomita 150 ndipo galimoto yanu imayenda makilomita 8 pa lita. Ulendo wonse ndi makilomita 300, pafupifupi malita 38. Onjezani malipiro ndi chakudya cha dalaivala, klorini wotsukira, ndi gawo la matayala, mabuleki ndi masipuling'i omwe msewu wafumbi umadya msanga. Mukangolipiritsa mafuta okha, ndiye kuti mukugulitsa galimoto yanu pang'onopang'ono osadziwa. Sunganinso mafuta apadera mosamala, kutali ndi moto, chifukwa mafuta akasowa m'dziko maliro sadikira.

Mitengo ilembedwe ndi kupachikidwa poonekera. Munthu wofedwa sakhala ndi mphamvu yotsatsana, ndipo kumuyang'ana nsapato musanatchule mtengo ndi kuba, ngakhale atalipira mosadandaula. Khalani ndi mabokosi a mitengo itatu, ndipo lotchipa likhale lopalidwa bwino, losaonetsa misomali, loikidwa kutsogolo osati kuseri. Auzeninso zomwe sakufunika kugula. Ngati maliro ndi a mawa m'mawa ndipo kunja kukuzizira, kubaya mankhwala n'kosafunika. Mudzataya ndalama ya tsikulo, koma mbiri imeneyo imayenda m'midzi kuposa chikwangwani. Perekani lisiti pa chilichonse. Kwacha inatsika ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo fomalini, magolovesi, zogwirira za mabokosi ndi nsalu zambiri zimachokera kunja, choncho unikani mitengo yanu pafupipafupi potengera mtengo wogulira katundu watsopano, osati womwe munagulira wakale. Matabwa gulani kwa ogulitsa omwe ali ndi zilolezo za nthambi ya zankhalango. Paini ndi bulugama zimakwana, palibe chifukwa chokwirira mlombwa kapena mbawa m'boma lomwe mitengo yake ikutha kale ndi makala.

Ngongole ndiyo imapha mabizinesi amenewa. Simungakane aliyense, chifukwa imfa siyang'ana kuti mbatata kapena manachesi agulitsidwa kale. Koma ikani malire. Gawo lina lilipiridwe galimoto isananyamuke, lotsalalo lilembedwe, ndipo asayine munthu mmodzi wodziwika, osati "banja". Tsiku labwino lolandira ndi lomwe chipepeso chawerengedwa, chifukwa pakatha sabata ndalamayo imakhala itagawidwa. Thupi lokha musaligwire ngati chikole. N'zosalemekeza, ndipo tsiku lililonse lomwe mukulisunga likukudyerani inu nomwe.

Palinso maliro a abale anu ndi a kumpingo kwanu, omwe onse adzayembekeza bokosi laulere. Gwirizanani ndi akunyumba kwanu kuchuluka kwa thandizo lomwe mungapereke pachaka, mulilembe m'buku ngati ndalama yotuluka, likatha latha. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya bizinesi ikhale yosiyana ndi yanu ya ndiwo.

Ndalama yodalirika imachokera ku mapangano: magulu a banki m'khonde omwe ali ndi thumba la zadzidzidzi, mipingo, magulu a aphunzitsi, mabungwe olemba anthu ntchito. Koma samalani apa. Mukayamba kutolera ndalama mwezi ndi mwezi polonjeza kuti mudzaika maliro a aliyense wolipira, imeneyo ndi inshuwaransi, ndipo imafuna chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi. Chifukwa chake n'chomveka: mliri umodzi ungakubweretsereni maliro makumi awiri mwezi umodzi, thumba n'kuphulika, anthu omwe akhala akulipira zaka zisanu n'kutsala manja lende. Njira yabwino ndi kukhala wothandizira kampani ya inshuwaransi yovomerezeka, monga NICO Life kapena Old Mutual, iwo asenze chiopsezo, inu mupereke bokosi ndi galimoto.

Anthu ogwira nanu ntchito

Musaike anyamata pa geti la chipatala kapena pakhonde la wodi kuti azisaka ofedwa, ndipo musapatse wogwira ntchito m'chipatala kangachepe kuti azikuimbirani wodwala akatsirizika. Kupatula kuti ndi katangale, taganizani mmene amamvera munthu amene akudwazika bambo ake akaona wogulitsa mabokosi akusuzumira pawindo. Siyani nambala yanu kwa amfumu, kumipingo ndi pa chikwangwani, ofuna adzakupezani.

Lembani ntchito amayi ndi abambo, chifukwa mabanja ambiri safuna kuti thupi la mayi lisambitsidwe ndi mwamuna. Funsani mwambo wa banja lililonse musanagwire kanthu. Asilamu amasambitsa okha, amakulunga mu sanda ndi kuika tsiku lomwelo kapena lotsatira, choncho kwa iwo chofunika kwa inu ndi galimoto yofika msanga, osati bokosi kapena mankhwala.

Antchito anu adzasenza zinthu zomwe sanena. Ena kumudzi adzakana kudya nawo mbale imodzi, ena adzawanena kuti ali ndi zizimba. Adzanyamula matupi a ana, a anthu opserera, a anzawo omwe anaphunzira nawo. Ambiri pa ntchito imeneyi amathawira ku kachasu, ndipo munthu woledzera ndi amene amadzibaya ndi singano kapena kusinthanitsa zizindikiro. Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito limaika udindo wowateteza pa inu olemba ntchito. Pangani kasinthasintha kuti wogwira usiku apume masana, pakhale bafa ndi sopo kuti asapite kunyumba ndi zovala za ntchito, ndipo pakachitika ngozi yaikulu khalani nawo pansi tsiku lotsatira mufunse mmene agonera. Mukaona wina wasiya kudya, sakugona, kapena wayamba kumwa m'mawa, mupite naye kuchipatala kwa oona za maganizo, kapena muimbe limodzi pa nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni. Wotsokomola kwa masabata awiri akayezetse makhololo, ndipo tsiku limenelo musamudule malipiro.